Gitala ikulira ngati njuchi? Musathamangire kugula ampu ina

Mwezi watha ndinali pa ukwati wina kuno ku Nchalo, dzuwa lake lija loti ngakhale mbuzi sizichoka pamthunzi, ndiye anyamata a bandi atangomaliza kulumikiza zida gitala inayamba kulira yokha, zzzzzz, munthu asanaigwire n'komwe. Mkulu wina wa komiti akuti "ana inu ampu yanuyi yatha, thamangani mukabwereke ya ku tchalitchi", amayi ena kumbuyoku akunong'onezana kuti izi sizachabe ayi, alipo amene sakufuna kuti mwambowu uyende bwino kkkk. Ine ndinangopita pa ekisitenshoni n'kuzula machaja a foni atatu omwe alendo anali atasomekapo, phokoso lija n'kutsika pompo. Lomwe linatsala linatha mnyamata wa gitala atasuntha pang'ono kuchoka pafupi ndi ampu. Sitinatsegule kanthu, sitinagule kanthu.

Ndakhala ndikuimba gitala ku tchalitchi ndi kukonzako zida kwa zaka ndithu, ndipo ma ampu ambiri omwe anthu amabwera nawo pa kabaza kuchokera ku Ngabu, ku Bangula mpaka a kutsidya kwa Shire amakhala alibe vuto lililonse. Ndikailumikiza kwanga imangoti zii, mwini wake n'kumandiyang'ana ngati ndachita matsenga. Vuto amakhala alisiya kwawo, mu soketi, mu chingwe kapena pa babu la padenga. Phokoso lililonse lili ndi khomo lomwe lalowera amwene, ndipo khomolo mumalipeza pomvetsera kaye, kenako n'kumachotsa zinthu chimodzichimodzi, osati kusinthasintha zonse nthawi imodzi mmene timachitira tikapanikizika anthu atadzaza kale mu holo.

Yambani ndi kuzula gitala ku ampu muiimbe choncho. Ngati mukumva trrr nsambo ikamagunda tizitsulo ta pakhosi paja, ma fret, limenelo si la magetsi ayi, ndi khosi lomwe lapindika kapena nsambo zatsika kwambiri pa bridge, kachitsulo komwe nsambo zimakhazikikapo pa thupi la gitala. Thabwa limayenda, makamaka kuno komwe limauma gwa mu Okutobala kenako n'kumwa chinyezi m'dzinja. Zimenezo tidzakambirana padera.

La magetsi ndi lomwe limatuluka mu sipika inu manja muli chipindire. Nalonso silimodzi. Pali lija lakuya loti huuuum ngati chigayo chikulira patali, a chizungu amati hum. Pali lakuthwa loti zzzz ngati bemberezi watsekeredwa m'botolo, ndiye buzz ameneyo. Pali ssss ngati mvula yowaza pa malata, pali kuthetheka ngati moto wa mapesi, komanso kaja kakang'ono koboola khutu, nziiii, ngati udzudzu wa ku Elephant Marsh. Kuthetheka kawirikawiri ndi fumbi mu voliyumu kapena jack (kabowo kosomekamo chingwe) yogwedera, nziiii ndi machaja ndi ma adaputa otchipa, ssss ndi gain (kotembenuza kokuzira mawu olowa mu ampu) yochuluka. Ndipo mukamva dit-di-dit-di-dit foni isanalire, imeneyo ndi foni ya m'thumba mwanu momwemo ikulankhula ndi netiweki ya 2G, imatumiza mphamvu yake m'timagawo 217 pa sekondi, ingoichotsani pafupi ndi gitala basi. Zovuta kwenikweni ndi ziwiri zoyamba zija, hum ndi buzz.

Magetsi omwe timalandira kuchokera ku ESCOM ndi a 230 volts, ndipo sayenda mbali imodzi ngati a batire, amapita n'kubwerera, kupita n'kubwerera, ka 50 pa sekondi imodzi, ndi zija zalembedwa kumbuyo kwa ampu kuti 50 Hz. Waya aliyense, thiransifoma iliyonse, mota ya fani kaya ya firiji, magetsi akamadutsamo zimatulutsa mphamvu ya maginito yomwe nayonso imagunda ka 50 pa sekondi. Maso saiona koma gitala imaimva. Mukamaonera mavidiyo pa YouTube mumva akunena za 60 cycle hum, musasokonezeke, kwawo ku America magetsi ndi a 120 volts ndi 60 Hz, matenda ndi omwewo kungoti kwathu amalira motsikirapo pang'ono. Ndipo khutu la woimba lingathandize apa. Pa besi, nsambo yaikulu ija mukaidina pa fret yachitatu mumapeza G wa 49 Hz, pafupifupi ndendende ndi kulira kwa magetsi athu. Pa gitala wamba fret yachitatu ya nsambo yaikulu ndi G wa 98 Hz, pafupi ndi 100. Hum ikafanana ndi G wa besi nthawi zambiri yachokera kunja, yalowera pa pickup (kachipangizo kotola mawu a nsambo) kapena pa earth (waya wotengera magetsi pansi). Ikafanana ndi G wa gitala ndipo siisintha olo mutsitse voliyumu, yambani kukayikira mkati mwa ampu, chifukwa ampu ikamasandutsa magetsi a pakhoma kuti akhale oyenda mbali imodzi kugunda kuja kumawirikiza kawiri, 50 kukhala 100, ndipo ntchito yosalaza mabampu amenewa ndi ya makapasita akuluakulu. Koma musagamule mlandu ndi khutu lokha, timasipika ting'onoting'ono sititha kutulutsa 50 Hz bwinobwino, timakupatsani ana ake a 100 ndi 150.

Nanga bwanji gitala ndi imene imavutika kwambiri pomwe kiyibodi ili phee pa ekisitenshoni yomweyo? Yankho lili mu pickup. Pickup ndi maginito okulungidwa ndi waya wa kopa wowonda ngati tsitsi, pa gitala ya mtundu wa Stratocaster amazunguliza maulendo pafupifupi 8,000. Nsambo yachitsulo ikamanjenjemera pamwamba pake imagwedeza mphamvu ya maginito ija, mu waya n'kubadwa timagetsi tochepa kwambiri, kawirikawiri sitikwana olo volt imodzi, ampu n'kutikuza mpaka anthu a kumsika amve. Tsoka lake koyilo ija siisankha, siidziwa kuti uku ndi kunjenjemera kwa nsambo uku ndi kwa thiransifoma, imangotola zonse, ndiye ampu imakuza nyimbo ndi zinyalala zomwe limodzi.

Vutoli ndi lakale ngati gitala ya magetsi yomwe. Mu 1955 Seth Lover wa kampani ya Gibson anapeza njira, anaika makoyilo awiri moyandikana, ina yozungulizidwa mobwerera, maginito akenso otembenuzidwa. Hum yochokera kunja imalowa mu makoyilo onse awiri mofanana koma motsutsana ndiye imaphana yokha, pomwe mawu a nsambo amaphatikizana. Imeneyo ndiye humbucker, pickup yonenepa ija, inayamba kuikidwa pa magitala a mtundu wa Les Paul mu 1957. Magitala ambiri omwe tili nawo m'matchalitchi kuno ndi otengera Stratocaster, a ma pickup atatu a koyilo imodzi, ma single coil, chifukwa ndi amene amatulutsa mawu owala aja timawafuna pa sebene. Koma taonani, pa ambiri a iwo pickup yapakati anaizunguliza mobwerera dala, nde mukaika swichi ija pa malo achiwiri kapena achinayi ma pickup awiri amagwira ntchito limodzi ngati humbucker. Yesani. Hum ikatha pa 2 ndi 4 n'kubwerera pa 1, 3 ndi 5, gitala yanu ilibe matenda, ndi chibadwa chake, fufuzani chomwe ikutolacho m'chipindamo.

Tsopano kasakidwe kake. Ine ndimayambira ku ampu kubwerera ku gitala. Zulani chilichonse, ampu itsale yokha ndi chingwe cha magetsi, voliyumu pansi, yatsani. Ikamalirabe huuum voliyumu ili pa ziro, vuto lili mu ampu kapena m'magetsi omwe ikudya, ndiye musanaiweruze kaiyeseni nyumba ina. Ikakhala chete kwezani voliyumu pang'onopang'ono, ka ssss kapansipansi si kachilendo ayi. Apa pali kamsampha kena, jack ya ma ampu ambiri ili ndi kachitsulo komwe kamatseka khomo lolowera mawu mukazula chingwe, kakachita dzimbiri kapena kupindika ampu imalira popanda chilichonse cholumikizidwa, munthu n'kuganiza kuti yapsa pomwe ndi kachitsulo kongofunika kupukuta.

Kenako somekani chingwe ndi gitala yomwe, koma voliyumu ya pa gitala ikhale pa ziro. Musayese ndi chingwe cholendewera chopanda gitala, chimenecho chimalira nthawi zonse olo chikhale chatsopano, makamaka mukagwira kunsonga. Phokoso likabwera voliyumu ya gitala ili yotseka, wolakwa ndi chingwe kapena jack. Gwedezani chingwecho pafupi ndi mitu yake, apo ndi pomwe chimaduka kwambiri chifukwa timachikoka ngati chingwe cha mbuzi. Ndipo abale, chingwe cha gitala ndi cha sipika si chimodzi olo mitu yake ifanane. Masulani mutu muone, cha gitala chili ndi waya mmodzi pakati ndi ukonde wa timawaya tolukana momuzungulira, ukonde umenewo ndiye mpanda wotchinga phokoso, umalitengera ku earth lisanafike pa waya wapakati. Cha sipika ndi mawaya awiri ogona limodzi opanda mpanda. Mukachiika pa gitala mwaimika eriyo, pena mpaka mumamva wailesi mu ampu. Ndaonapo ena atadzipangira chingwe ndi waya wa magetsi wofiira ndi wakuda uja, ndalama anapulumutsadi koma tchalitchi chonse chinkamva njuchi chaka chathunthu. Kutalika nakonso, chikapitirira mamita 6 chimayamba kudya kuwala kwa mawu n'kumatola phokoso lambiri, ngati mikisa ili kumbuyo kwa tchalitchi gwiritsani DI box, kabokosi kolumikizira gitala ku mikisa, kuchoka apo chingwe cha maiki cha mapini atatu chija chimayenda mtunda wautali osatola kanthu. Musamangenso chingwe cha gitala mtolo umodzi ndi cha magetsi, zikakumana zingodutsana mopingasa.

Chingwe chikapambana mayeso, kwezani voliyumu ya gitala. Phokoso likabwera apa, imirirani ndi gitala yanu muzitembenuka pang'onopang'ono ngati mukusaka netiweki kumudzi. Mupeza mbali ina likukula mbali ina likutsika mpaka kutsala pang'ono kutha. Zikatero ndekuti ndi hum ya maginito, gwero lake lili pafupi, ndipo kawirikawiri ndi thiransifoma ya ampu yanu yomweyo, makamaka inu okonda kukhalira ampu ngati mpando. Mphamvu imeneyi imafooka msanga mukatalikira, mita imodzi kapena awiri zimasintha zinthu kwambiri. Amene munalandira ampu ya 120 volts kuchokera kwa abale a ku America ndipo mumaidyetsa kudzera pa thiransifoma yotsitsa magetsi, kachibokosi kolemera kaja kaikeni kutali, osati pamwamba pa ampu. Kenako muzithimitsa zinthu chimodzichimodzi, machubu a magetsi aataliatali aja, mababu a LED otchipa, fani makamaka yokhala ndi kotembenuza liwiro pakhoma, TV, chaja ya laputopu. Kuzimitsa fani mu Novembala ku Nsanje ndikudziwa ndi kupempha nkhondo, koma ndi mphindi imodzi yokha kuti mudziwe mdani wanu.

Ndiye pali funso lomwe ndimafunsidwa kuposa onse. "Achimwene, ndikagwira nsambo phokoso limatha, ndikasiya limabwerera, gitala yanga ili ndi shoti?" Ayi ilibe, kumeneko ndiye kugwira ntchito bwino. Thupi la munthu ndi madzi ndi mchere, limatola phokoso la magetsi m'chipinda n'kumalithira mu gitala yomwe mwaikumbatira pamimba. Mkati mwa gitala muli kawaya kochoka pa bridge kupita ku earth, nde mukagwira nsambo inuyo mwalumikizidwa ku earth, phokoso la m'thupi mwanu lapeza njira yothawira. Chodetsa nkhawa ndi pamene mwagwira nsambo koma palibe chasintha, pomwe mukagwira chitsulo cha pamutu pa chingwe likutha, apo kawaya ka bridge kaduka. Pa magitala a mtundu wa Stratocaster tsegulani chivundikiro chakumbuyo, kamawotchereredwa pa chitsulo chokoka masipuling'i, ndi ntchito ya mphindi zisanu. Koma likamakula mukagwira nsambo, kawirikawiri wina anakonzapo jack n'kusemphanitsa mawaya awiri aja. Zimachitika kwambiri chifukwa nati ya jack ikamasuka timangoipotokola ndi zala, jack yonse n'kumazungulira mkati mpaka mawaya kuduka, wokonza wachangu n'kubwezera mosemphana.

Buzz wa zzzz uja mutha kumuchepetsa pomata foyilo mkati mwa mphako momwe mumakhala ma pickup ndi mavoliyumu, ndi kuseri kwa pulasitiki yakutsogolo. Tepi ya kopa ndiye yabwino, ikasowa foyilo ya kukhitchini imagwira, bola zidutswa zonse zikhudzane ndipo zilumikizidwe ku earth ya gitala, apo ayi mwangowonjezera eriyo ina. Isakhudze miyendo ya swichi kapena nsonga ya jack, ikakhudza gitala imangoti zii osatulutsa mawu n'komwe. Dziwaninso kuti foyilo siiletsa hum ya maginito, imeneyo mankhwala ake ndi humbucker ndi kutalikira basi.

Tifike pa earth, chifukwa apa ndi pomwe pagona mavuto ambiri a kuno ndipo ndi pomwe pali imfa. Pulagi yathu ndi ya mapini atatu amakona ngati ya ku Britain, waya wa bulawuni ndiye wamoto, wa buluu ndi neutral, wobiriwira wosakaniza ndi chikasu ndi earth, umapita ku pini yaitali yapamwamba. M'nyumba zakale mupeza wofiira, wakuda ndi wobiriwira. Pini yapamwambayo imagwira ntchito ziwiri, imatengera phokoso pansi, komanso waya wamoto akakhudza chitsulo cha ampu imapereka njira yoti magetsi athawire n'kuphulitsa fyuzi m'malo modutsa mwa inu. Tsono taonani zomwe timachita. Ampu yabwera kuchokera ku Joni ndi pulagi ya mapini atatu obulungira, tikuika adaputa yogwedera yomwe earth yake siikhudza n'komwe. Mikisa yagulidwa ku Mozambique ndi pulagi ya mapini awiri, earth yake ili pa tizitsulo ta m'mbali, ife tikutsegula soketi ndi chivindikiro cha bolopeni n'kukankhira, earth yatsala panja. Ena pulagi anadula kalekale, mawaya amapanikiza ndi timitengo ta machesi. Ndipo ma ekisitenshoni ena otchipa a pamsika, tsegulani muone, mabowo ndi atatu koma mawaya mkati ndi awiri okha. Pulagi yabwino ya 13 amp siidula kuyerekeza ndi ampu, dulani yachilendoyo muike yathu, mawaya onse atatu.

Olo pulagi ikhale bwino, nyumba yomwe iyenera kukhala ndi earth yeniyeni, chitsulo chokutidwa ndi kopa chokhomeredwa pansi panja pafupi ndi mita. Matchalitchi ambiri a kumudzi anawayaliridwa ndi mnyamata wa mumpingo momwemo mwachikondi, chitsulocho palibe, kapena waya wake anaduka ana akusewera, kapena chinadyeka ndi dzimbiri madzi osefukira atadutsa. Dothi louma nalonso silitenga magetsi bwino, nde mutha kuona phokoso likukula m'chilimwe n'kuchepa mvula ikagwa. Kuthirira madzi pamene pali chitsulocho kumathandizako, koma woyeza ngati earth ilidi moyo ndi wa zamagetsi wodziwa ntchito yake, ali ndi mita.

Chizindikiro choti musachinyozere ndi ichi, mwagwira gitala, mlomo wakhudza maiki, mwamva kuluma. Anyamata amaseka n'kuvekera maiki sokosi. Kumeneko si kukonza. Zikutanthauza kuti chitsulo cha ampu ndi cha mikisa sizili pa mlingo umodzi wa magetsi, ndipo mlatho wolumikiza ziwirizo ndi inuyo, kuchoka m'dzanja kudutsa pachifuwa kukafika pakamwa. Leslie Harvey wa gulu la Stone the Crows anafera pa siteji ku Swansea ku Britain mu 1972 atagwira maiki yopanda earth. Keith Relf yemwe ankaimba mu gulu la Yardbirds anafa mu 1976 kunyumba kwake akuimba gitala yomwe zida zake zinalibe earth yabwino. Ife kuno timaimba thukuta lili kamukamu, pena opanda nsapato, pa simenti yonyowa kapena pa dothi pa maliro, nyesi siifuna zambiri kuposa pamenepo. Mukamva kuluma zimitsani, ndipo ngati mpingo ungakwanitse uike bureka ya earth leakage ya 30 mA, imadula magetsi ikangoona kuti ena akuthawira kolakwika.

Chomwe chimapusitsa anthu n'chakuti nthawi zina kudula pini ya earth kumathetsadi hum, ndiye wina amadzitcha katswiri. Zimatheka chifukwa cha chomwe amati ground loop. Ampu ya gitala mwaisomeka soketi ya kutsogolo, mikisa soketi ya kumbuyo, kenako mwazilumikiza ndi chingwe cha mawu. Tsopano earth ili ndi njira ziwiri, ya m'khoma ndi ya mu ukonde wa chingwe chija, zapanga mkombero. Masoketi awiriwo earth yawo imasiyana pang'ono, kusiyana kochepa zedi, koma kokwanira kuyendetsa timagetsi mu ukonde uja, ndipo timagetsi timeneto ndi ta 50 Hz. Mudzaizindikira chifukwa chida chilichonse pachokha chili chete, hum imabwera mukangozilumikiza, ndipo siisamala voliyumu ya gitala kapena komwe mwayang'ana. Mankhwala oyamba ndi aulere, zida zonse za mawu zidye pa soketi imodzi kudzera pa ekisitenshoni imodzi yabwino. Zikakanika ikani DI box pakati, ili ndi kabatani kolembedwa ground lift, kamadula mkombero uja ku mbali ya chingwe cha mawu, earth ya pakhoma n'kutsala malo ake ikukutetezani. Laputopu yoimbira ma beat nayo ndi kaswiri pa zimenezi, zulani chaja iyendere batire, phokoso likatha mwamugwira.

Chiyambire pomwe namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira kumtunda kwathu kuno mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi 130 megawatts kwa nthawi yaitali, mipingo ndi mabandi ambiri anagula majenereta ndi ma sola, ndipo phokoso la mtundu wina linabwera nazo. Jenereta yaing'ono imayenera kuzungulira ka 3,000 pa mphindi kuti ipereke 50 Hz, ndiye katundu akailemera imatsika liwiro, mumva hum ikukwera n'kutsika ngati munthu akuusa moyo, makamaka besi ikagunda kapena firiji ya zakumwa ikadzuka. Firiji, makina owotcherera ndi ketulo zisadye jenereta imodzi ndi zida zoimbira. Jenereta yokhala ndi AVR, kachipangizo kowongolera magetsi, imagwira ma volts bwinoko, ndipo pa chitsulo chake pamakhala kabawuti ka earth komwe anthu ambiri sanakagwiritsepo ntchito chigulireni. Ma inveta ndiye nkhani ina. Magetsi abwino amakwera n'kutsika mosalala ngati funde la pa Shire, ma inveta otchipa olembedwa modified sine wave amadumpha ngati masitepe, ndipo kudumpha kulikonse kumabala zzzz yemwe amalowa mu ampu kudzera pa chingwe cha magetsi. Pena mumva thiransifoma ya ampu ikulira yokha ndi kutentha, musanayambe kuimba n'komwe. Apa foyilo, chingwe chodula, humbucker, zonse sizithandiza, pamafunika inveta ya pure sine wave. Ngati muli ndi sipika zija zokhala ndi batire mkati, kuyesa kwake n'kosavuta, izuleni pakhoma iyendere batire yake, ikakhala chete ndekuti magetsi omwe mumaipatsa ndiwo akuda.

Ma pedal, tizibokosi toponda tija tosintha mawu a gitala, ndingodutsamo mwachangu. Achotseni onse, gitala ilowe molunjika mu ampu, kenako muziwabwezera imodziimodzi pamodzi ndi tizingwe tawo tating'ono, tomwe timafa kuposa ma pedal enieniwo. Ambiri amadya 9 volts, negative ili pakati pa kapulagi monga a kampani ya Boss, ndiye adaputa ya wailesi kapena ya decoder olo ikwane pabowo ikhoza kubweretsa phokoso kapena kuwotcha pedal. Ikani batire ya 9 volts, pakakhala bata wolakwa ndi adaputa. Pedal ya digito monga delay ikagawana adaputa imodzi ndi overdrive imakonda kuithira nziiii. Ndipo distortion ntchito yake ndi kukuza timawu tating'ono, hum yomwe inali yosamveka imakula nayo limodzi, walira mvula walira matope. Noise gate imatseka pakamwa pa phokoso mukasiya kuimba koma mukangogunda nsambo limatulukanso lili pansi pa nyimbo, ndiye iikeni pomaliza mutathana ndi gwero.

Ampu ikapezeka kuti ndi yolakwadi, yalira yokha kwanu ndi kwa aneba komwe, kawirikawiri ndi makapasita aakulu aja atopa. Mkati mwake muli timadzi tomwe timauma ndi kutentha, ndipo akatswiri amawerengera kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10 moyo wa kapasita umadulidwa pakati. Ganizirani ampu ili mu tchalitchi cha malata ku Ngabu masana, panja papitirira madigiri 40, ina yaphimbidwanso ndi nsalu yokongoletsa kutseka mabowo opumira. Kapasita yotopa imatupa pamwamba kapena kudontha, ndipo kusintha kwake sikodula. China ndi malo owotcherera omwe amang'ambika ndi mabampu, ampu yoyenda pa kabaza msewu wa ku East Bank sabata ndi sabata, mukaimenya pambali phokoso n'kusintha, dziwani kuti china chagwedera. Mphemvu, makoswe ndi mavu omanga zisa zadothi mkati ndazipezamo kambirimbiri. Yomwe inamira m'madzi osefukira musaiyatse kuti muone ngati ikugwira, iyambe yatsukidwa matope ndi kuuma masiku angapo. Voliyumu yothetheka imafuna mankhwala opopera otchedwa contact cleaner, osati mafuta ophikira kapena oyilo wa njinga, amenewo amangoitana fumbi. Koma mukayatsa n'kumva hum yamphamvu kwambiri, pepala la sipika litakankhidwira kunja kapena mkati n'kuima pomwepo, zimitsani msangamsanga, thiranzisita yapsa ndipo ikuthira magetsi osasinthasintha mu sipika, masekondi ochepa koyilo ya sipika ipsa nayo. Kutsegula ampu siyirani odziwa, makapasita amasunga magetsi olo mwazula pakhoma, ndipo mu ma ampu a ma valve, ngakhale ndi osowa kuno, mumakhala ma volts opitirira 400.

Mukachita zonsezi gitala ya single coil idzatsalabe ndi ka huum kapansipansi, kameneko sikatha, oimba akangoyamba ng'oma ndi besi zimakakwirira. Kamamveka nthawi imodzi yokha, abusa akati tiyeni tiweramitse mitu tipemphere tchalitchi chonse n'kuti zii. Chala chaching'ono chizolowere kutsitsa voliyumu ya pa gitala nyimbo ikangotha, n'kuikwezanso wa kiyibodi akapereka kiyi.